Tsiku limene ndinaukitsa apongozi amoyo

Ine kwa mnyamata wobena mafilimu pa Nchalo ndinapitira za nkhondo. Ndinamuuza momveka bwino kuti andiikire zowomberana, zija munthu sufunika kumva Chingerezi kuti udziwe amene wafa. Anatenga fulashi yanga n'kundiuza kuti ndikazungulire kaye kumsika. Madzulo nditalumikiza TV ku batire la sola, m'malo mwa asilikali ndinangoona bambo wina wadazi atagona m'kachipinda kamdima, nesi akumudzutsa. Dzina la sewerolo linali zilembo ziwiri zokha, ER.

Ndinati m'mawa ndikambwezera. Koma unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalapo kuchigwa kuno akudziwa kuti nthawi imeneyi m'nyumba sulowamo msanga, makoma amakhala akulavula moto umene amwa tsiku lonse. Tinatulutsa TV pakhonde, n'kuyala mkeka. Udzudzu nawo unabwera kudzaonera. Pofika pakati pa usiku batire linatha tili pa gawo lachitatu, ndipo amene anadandaula kwambiri ndinali ine.

Mlamu wanga wa Fomu 4 ndiye anafufuza pafoni n'kutiuza kuti chinthuchi n'chakalekale. Chinayamba kuonetsedwa ku America mu 1994, chaka chimene a Bakili Muluzi analowa m'boma, n'kudzatha mu 2009, magawo onse 331. Anthu anaonera, analira, anaiwala, ife tikungoyamba kumene ngati nkhani ya dzulo. Dokotala wa ana uja akazi anga ankamuyang'anitsitsa mopitirira muyeso, George Clooney, anachoka m'sewerolo mu 1999, chaka chimene dziko lathu limatsegula kumene wailesi yakanema yakeyake. Ukale wake umaonekeranso poti madokotalawo alibe foni m'thumba. Amayenda ndi tizipangizo tolira pa lamba, tikati tii tii, munthu n'kuthamangira foni ya pakhoma.

Chipatala chake amati County General, mumzinda wa Chicago. Kunja kukugwa chipale choyera, anthu atavala majekete awiriawiri, ife tikuonera thukuta lili kamukamu, ine ndili chifuwa pamtunda. Zitseko zimangotseguka ndi chiphokoso, wodwala ali kale pa bedi lamatayala, anthu asanu akuthamanga naye, wina atamukwera pamwamba akumupsinja pachifuwa. Palibe mzere. Palibe wofunsa buku la kuchipatala. Akazi anga chimene chinawavuta n'china.

"Nanga gadiyani wake ali kuti? Ndowa ilibe, chitenje palibe, mpoto palibe. Ameneyu akatsitsimuka adya chiyani?"

Ndinawayankha kuti kumeneko zinthu zimayenda mwa sayansi. Anangoti, "Ehe."

M'gawo loyamba muli mnyamata wophunzira udokotala, Carter, amene ataona bala lalikulu anachita nseru mpaka kutuluka panja kukapuma mphepo. Ndinamuseka kwambiri mnyamata ameneyu. Ndinati mwamuna wanji woopa magazi, ine mbuzi ndimazinga ndekha.

Patatha milungu iwiri ndinali nditasintha. Mwana akatsokomola ndinkamugwira pamkono n'kumayang'ana wotchi, ngakhale wotchiyo inaima nthawi ya namondwe Freddy. Mawu amene madokotala aja amakuwa wodwala akangolowa ndinawaloweza osadziwa tanthauzo lake: sibisi, kemu seveni. Koma amene anandilowa m'magazi ndi aja amanena akatenga zitsulo ziwiri zonga ayironi, n'kuzikhuza, n'kuziika pachifuwa cha munthu. Amakuwa kuti "Kiliya!", aliyense n'kuchotsa manja, munthu n'kudumpha, mtima n'kuyambiranso. Ndinkawayeserera ndikusamba.

Muyenera kudziwa kuti ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Thyolo, kumtunda, ndipo ndinatsika phiri kudzakwatira kuno. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala pamudzi pano, apongozi anga aamuna sindinayambe ndakhalapo nawo mkeka umodzi. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, moni timapatsana ndili chonjuta, maso ali pansi, pakati pathu pali mpata woti ngolo n'kudutsa. Ndi bambo aulemu wawo, olima thonje ndi mapira, osayankhulayankhula. Chofooka chawo n'chimodzi, uchema. Lamulungu akachoka kutchalitchi amadzera kwa mnzawo wogoma, ndipo pobwera amayenda ngati akuyeza munda.

Lamulungu limenelo dzuwa linali loswa mtengo. Cha m'ma 2 koloko mwana wanga wamkazi anabwera akuthamanga.

"Ababa, agogo sakudzuka! Ndawaitana kasanu!"

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa nimu, chagada, malaya atamasula mabatani, kukamwa kuli yasa, ntchentche ikuyenda pamlomo iwo osaiingitsa n'komwe. Chipewa chinali chitagwera poteropo. Ndinaitana, "Bambo! Bambo!" Zii. Pano ndivomere kuti m'sewero lija amayamba aona kaye ngati munthu akupuma, koma mbali imeneyo imadutsa msanga ndipo ilibe nyimbo. Ine m'mutu mwanga ng'oma ija ya poyambira inali itayamba kale kulira.

Zaka zisanu ndi ziwiri za ulemu ndinazisiya pomwepo. Ndinawakwera apongozi anga ngati njinga, bondo uku bondo uku, manja onse pachifuwa, n'kuyamba kupsinja ndikuwerenga m'Chingerezi. Mlamu wanga atatulukira ndinamukuwira kuti aitane ambulansi. Anandifunsa kuti ambulansi yake iti. Ndinati aganize yekha, ino si nthawi ya mafunso, ndipo abweretsenso sibisi ndi kemu seveni. Mnyamatayo anathamangira kukhola kukamanga ng'ombe pangolo.

Apongozi aakazi atasuzumira kuchokera kukhitchini n'kuona mkamwini ali pamwamba pa amuna awo, sanafunse kanthu. Anaponya mthiko pansi, manja kumutu, n'kuyamba kulira maliro. Kuno kulira kumayenda msanga kuposa moto wa m'munda wa nzimbe. Nyumba yoyandikana inalandira, inayo n'kulandiranso, ndipo mphindi zochepa amayi anali akubwera m'njira zonse akumanga zitenje. Wina, amene mpaka lero sanadziulule, anaimba foni kwa abale ku Bangula.

Anthu atandizungulira ndinaona kuti mpweya ukuchepa, ndiye ndinatambasula manja n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Kiliya!" Zitsulo zija ndinalibe, koma ndinkaona ngati mawuwo pawokha amathandizako. Anthu anabwerera m'mbuyo ndithu. Agogo ena anamva ngati ndati "lirani", n'kuwonjezera.

Kenaka ndinakumbukira kuti patsala kuuzira mpweya. Ndinawatsina mphuno apongozi, n'kuwakweza chibwano, n'kuwerama. Fungo la uchema linandilandira ndili kutali, lowawasa, la dzuwa lonse, ndipo penapake m'mutu mwanga kamawu kanati, iwe, kodi wakufa amanunkha chonchi? Koma ndinali nditapita kale. Milomo yanga itatsala pang'ono kufika, maso awo anatseguka. Tinayang'anana pafupi kwambiri, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

Munthu wotsinidwa mphuno ali m'tulo sadzuka mwaulemu. Anadzambatuka ndi mphamvu ya mlimi, chipumi chawo n'kukumana ndi kamwa yanga. Ndinamva kuti thii, n'kugwera kumbali. Iwo anakhala tsonga, dzanja lili m'nthiti, akuyang'ana khamu la amayi olira, kenaka n'kuyang'ana ine.

"Wamwalira ndani?"

Palibe anayankha. Amayi ena anathawa, poganiza kuti mtembo wayankhula.

"Nanga akamwini, pakamwa panga mumafunapo chiyani?"

Ndinafuna kufotokoza za Chicago. Nditagwira pamlomo, dzanja linabwera lofiira, magazi akutsikira m'chigongono. Ndinawayang'ana magaziwo, mtengo wa nimu unayamba kuzungulira, ndipo ine, wozinga mbuzi ndekha, amene ndinamuseka Carter, ndinakomoka.

Ndinatsitsimukira m'ngolo. Ambulansi ija inafikadi, ndipo wodwala wake ndinali ine. Akazi anga anali atandithira madzi a mumtsuko, n'kundimanga kukamwa ndi mpango wawo wa kumutu. Pambali panga panakhala apongozi, atagwira nthiti, akuyang'ana kutsogolo ngati sitikudziwana. Mpata uja woti ngolo n'kudutsa pakati pathu unali utatha, tonse tinali m'ngolo momwemo, mawondo akugundana pa bampu iliyonse. Ng'ombe zinkayenda mwa Lamulungu. Kumbuyo kwa ngolo kunali ndowa, chitenje ndi kampoto. Akazi anga ataona kuti ndaziona, anangoti, "Sayansi."

Kuchipatala zitseko sizinatseguke ndi chiphokoso chilichonse. Tinakhala pabenchi kumbuyo kwa mayi wa mwana wotentha thupi ndi mnyamata amene anadzitema ndi chikwanje, ndipo kunena zoona onsewo anayenera kulowa ife tisanalowe. Buku langa la kuchipatala linali litatsala kunyumba, mlamu anachita kukagula lina. Adokotala amene anatilandira anali munthu wofatsa, wooneka kuti wagwira ntchito kuyambira m'mawa osakhala pansi. Anafunsa chachitika n'chiyani. Ine kukamwa kunali kotupa, ndiye anafotokoza ndi apongozi, mwa njira yawo.

"Ndinagona pamthunzi panga, pakhomo panga. Podzuka ndapeza mkamwini ali pamimba panga, akufuna kundipsompsona, mudzi wonse ukulira."

Anesi anatuluka panja mofulumira. Tinkawamva kuseri kwa khoma.

Adokotalawo anandisoka mlomo, kenaka anawagwiragwira apongozi m'nthiti n'kunena kuti sizinathyoke, zangosupuka, amwe panado. Akulemba m'buku anandiuza modekha kuti kupsinja pachifuwa n'kothandizadi ndipo kumapulumutsa anthu, koma amachitira munthu amene sakuyankha komanso sakupuma bwinobwino. Munthu umayamba wamugwedeza paphewa, n'kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anandifunsa ngati ndinawagwedeza. Ndinati ayi, ndi apongozi anga, sindikanatha kuwagwira paphewa. Anasiya kulemba, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

M'mawa mwake abale a ku Bangula anatsika minibasi, anthu asanu ndi anayi, atanyamula ufa ndi nkhuni, amayi atayamba kale kulira ali kumsewu. Anawapeza malemuwo akutsuka m'kamwa pakhonde. Panafunika nthawi kuti amvetsane, ndipo mlongo wawo wa apongozi anakana kubwerera tsiku lomwelo, ati thiransipoti waononga kale. Anakhala masiku atatu. Ankhoswe atakhala pansi anagamula kuti ndilipe mbuzi chifukwa chokwera apongozi ndi kuwaliritsa maliro ali moyo. Ankhoswe a kwathu anayesa kunena kuti mwanayu cholinga chake chinali chabwino. Anawayankha kuti n'chifukwa chake mbuziyo ndi imodzi. Inadyedwa ndi anthu a pamaliro aja, ine ndikumwa phala ndi supuni yaing'ono chifukwa cha ulusi wa pamlomo. Mpaka pano ana a sukulu ndikamadutsa pa njinga amakuwa kuti "Kiliya!", n'kupatuka.

Fulashi ija ndinaibisa m'thumba la mbewu. Patatha sabata, mwana anabwera ndi uthenga woti agogo akuti akufuna aone chimene chinapengetsa mkamwini wawo. Usiku umenewo anabwera ndi kampando kawo, n'kukhala kumapeto kwa khonde. Anaonera mwakachetechete mpaka pamene madokotala anamukwera munthu wina pachifuwa. Anagwira nthiti zawo, n'kunena osayang'ana aliyense, "Amufunse kaye ameneyo ngati sanadzere kwa wogoma."

Kuyambira pamenepo sajomba. Tili m'chaka chachinayi cha sewerolo, ndipo iwo amakonda dokotala wadazi uja, ati ndi yekhayo amene amaganiza asanagwire munthu. Dzulo, gawo lili pakati, mutu wawo unayamba kuwerama pang'onopang'ono, chipewa n'kugwa, kukamwa n'kutseguka. Khonde lonse linasiya TV n'kutembenukira kwa ine. Ine ndinakhalira manja anga onse awiri. Apongozi anatsegula diso limodzi.

"Ndili moyo, akamwini. Khalani pomwepo."