Ndinakaona kumene nkhondo ya Hitler inathera

Anthu ambiri akafika ku Berlin amathamangira pa Brandenburg Gate kukajambulitsa, kenako pa chipupa chija chopentedwa zithunzi chimene chinkagawa mzindawu pawiri, basi ulendo watha, aponye pa Facebook. Ine ndinali ndi zanga zina. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse tinaiphunzira kusekondale koma mukudziwa kale mmene zinkakhalira, kuloweza 1939 mpaka 1945, Hitler anadzipha, Germany inagonja, mayeso wakhoza. Nde alamu anga amene amagwira ntchito ya unesi kumeneko atandiitana, ndinawauziratu kuti ine ndikufuna ndikaponde malo enieni amene nkhondoyo inathera. Anaseka mpaka misozi nkuti "alamu, anzanu amabwera kudzagula nsapato ndi majekete, inu mwabwerera manda?" komabe anandionetsa kagulidwe ka tikiti ya sitima pa foni nkundisiya ndizipita ndekha.

Ndinayambira ku Seelow, katawuni kamene kali makilomita pafupifupi 70 kum'mawa kwa Berlin, kufupi ndi mtsinje wa Oder womwe pano ndi malire a Germany ndi Poland. Mabuku amalemba ngati pali mapiri, koma aaa, kwa munthu amene anaonapo Mulanje kameneka ndi kachulu chabe. Choopsa ndi chimene chili kutsogolo kwake, chidambo chachikulu chosalala cha Oderbruch, moti ukaima pamwamba pamene pali myuziyamu umaona chilichonse choyenda kumunsiko ngakhale njinga. Pa 16 April 1945 kusanache, mkulu wa asilikali a Soviet, Zhukov, anayamba ndi mizinga yosawerengeka kenako nkuyatsa magetsi akuluakulu ounikira ndege okwana 143 kuti awathobwe m'maso Ajeremani. Nzeru yake inamutembenukira. Ajeremani anali atasamuka kale m'maenje akutsogolo usiku, nde mabomba ambiri anagwera pamalo popanda munthu, ndipo kuwala kuja kunangobwerera pa utsi ndi fumbi, asilikali ake omwe ndi amene sankaona kutsogolo pomwe adani ankawaona bwinobwino, akasinja nawo akutitimira m'matope. Kachulu kameneka kanawagwira mpaka pa 19 April ndipo anthu anafa masauzande ambirimbiri. Panja pa myuziyamu aimikapo kasinja wa T-34 ndi galimoto yoponya maroketi ija ya Katyusha, ana asukulu amene ndinawapeza ankangojambulana pamenepo akudya masangweji.

Kuchoka apo msewu wa ku Berlin unali wotseguka. Pofika pa 25 April mzinda unali utazingidwa mbali zonse, ndipo ouyang'anira anali otsala a magulu ophwasuka, nkhalamba za gulu lankhondo la anthu wamba la Volkssturm ndi anyamata a Hitler Youth a zaka 15, 16, atawapatsa ka chida kophulitsira akasinja nkuwauza kuti akafere dziko. Nkhondo inali italuzika kalekale, aliyense wanzeru ankadziwa, koma munthu mmodzi, Hitler, ali m'chipinda chake chobisalamo pansi pa nthaka ankakanabe. Zimenezi mumzinda zimaonekabe ukamayenda wapansi. Pa Museum Island pali mzere wa zipilala zamiyala, patali zimaoneka zabwinobwino, koma utayandikira ndi zibooboo za zipolopolo zokhazokha, zina anazimata simenti yosiyana mtundu, zina anangozisiya. Ndinalowetsa chala m'chimodzi, chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri.

Ku Reichstag, nyumba ya malamulo, kulowa ndi ulere koma umayenera kulembetsa kaye pa intaneti ndipo pakhomo amafuna pasipoti. Ambiri amakwera ku denga lagalasi lija, ine ndinalembetsa zoyenda ndi gayidi chifukwa ndinkafuna makoma amkati. Asilikali a Soviet atalanda nyumbayi analemba pamakoma ndi makala, mayina awo, madeti, matawuni akwawo, zonse m'zilembo za Chirasha, ndipo pokonzanso nyumbayi m'ma 1990 zinapezekanso, Ajeremani nkugwirizana kuti zina zisafufutidwe. Tangoganizani, aphungu akamapita kukakambirana bajeti amadutsa pa mayina a anthu amene anawagonjetsa, tsiku ndi tsiku. Ine apa ndinawavulira chipewa, si mtima wamasewera umenewo.

Pamene Hitler anadzipha pa 30 April nde mungaseke. Ndi pa kapaki koimika magalimoto, pakati pa mafulatsi wamba omangidwa nthawi ya East Germany, pali chikwangwani chimodzi chimene anaikapo mu 2006 chokhala ndi mapu a chipinda chapansi chija, basi. Mayi wina ankayendetsa galu wake pomwepo, galu nkumachita zake mosaopa mbiri. Kuyenda pang'ono chabe umafika pa malo okumbukira Ayuda ophedwa, mabuloko a konkire okwana 2,711, umalowa pakati pake nkumamira pang'onopang'ono mpaka phokoso la magalimoto kuzimirira. Ophedwa anawapatsa bwalo lonse, wakupha anamupatsa malo oimika Volkswagen, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino.

Mzinda unagonja pa 2 May, koma pepala lothetsa nkhondo ku Europe linasainidwa ku Karlshorst, dera lazii lanyumba zokhala anthu kum'mawa kwa mzinda, umakwera sitima ya mumzinda ya S-Bahn nkuyendako pang'ono. Inali nyumba yodyeramo akuluakulu a asilikali, pano ndi myuziyamu yaulere. Holo yake si yaikulu ayi, matebulo oyalidwa nsalu yobiriwira, mbendera zinayi pakhoma, Soviet Union, America, Britain ndi France. Kunena zoona anali atasaina kale ku Reims ku France pa 7 May koma Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anakana, ati amene tafa kwambiri ndife ndiye abwereze ku Berlin pamaso pa Zhukov, ndiye Keitel, mkulu wa asilikali a Germany, anadzasaina usiku wa pa 8 May, nthawi imene ku Moscow kunali kutalowa kale pa 9, nchifukwa chake mpaka lero ena amakumbukira pa 8 ena pa 9. Myuziyamuyi kale inkatchedwa ya Germany ndi Russia koma mu 2022 Russia italowa mu Ukraine anachotsa dzinalo. Ndili mu holo muja ndinakumbukira kuti tsiku limenelo azigogo athu a King's African Rifles ambiri anali adakali kutali ku Asia komwe anakamenyana ndi Ajapani ku Burma, kwa iwo nkhondo inadikira mpaka August, mabomba a Hiroshima ndi Nagasaki atagwa, ndipo za iwo ku Berlin sungazione paliponse.

Manda amene alamu ankanena aja ndinawapezadi ku Treptower Park, komwe kunaikidwa asilikali a Soviet pafupifupi 7,000 mwa 80,000 amene anafa polanda Berlin. Chiboliboli chake ndi cha mamita 12, msilikali wanyamula kamwana kudzanja lina, kwina lupanga, waponda chizindikiro cha Nazi chophwanyika. Ndi chokongola ndipo anyamata ogona pamenepo anathetsadi chilombo, zimenezo palibe angatsutse. Koma madzulo ndikuwaonetsa alamu zithunzi anangoti "mwaona mbali imodzi alamu." Masabata amenewo azimayi ndi atsikana ambirimbiri a mumzindawu anagwiriridwa ndi asilikali omwewo, ndipo nkhaniyi inakhala zaka zambiri osaikamba poyera, makamaka ku East. Alamuwo amasamalira okalamba, ena mutu unayamba kuiwala, akuti agogo ena sadziwanso dzina la mwana wawo koma akamva chitseko chikumenyedwa usiku amakuwa ngati ndi 1945.

Ku Potsdam ndinangodutsa, nyumba ya Cecilienhof ndinaionera kunja. Ndi mmene Stalin, Truman wa America ndi Churchill wa Britain anakhala kuyambira pa 17 July mpaka 2 August 1945 kukambirana za Germany, Churchill nkuluza chisankho kwawo msonkhano uli mkati, Attlee nkudzamalizitsa. Dziko linagawidwa panayi, Berlin nayenso panayi, malire nkusunthidwa kufika pa Oder pomwe ndinayambira paja, Ajeremani pafupifupi 12 miliyoni nkuthawa kapena kuthamangitsidwa kum'mawa. Chipupa cha 1961 chimene anthu amajambulitsapo chija mizu yake ili apa.

Malo amene anandikhudza kwambiri alibe chiboliboli. Kumadzulo kwa mzinda m'nkhalango ya Grunewald muli phiri lotchedwa Teufelsberg, lotalika mamita 120 kuchokera pa mlingo wa nyanja, mitengo yobiriwira, anthu akuthamanga, ena akuulutsa makaiti. Phiri limeneli kunalibe nkhondo isanathe. Ndi Berlin wakale uja, nyumba zogumuka, anazituta ndi malole kwa zaka zoposa 20 nkumathira pamodzi, ma cubic metre okwana 26 miliyoni, ndipo pansi penipeni anakwirira sukulu ya zausilikali ya Nazi imene sinamalizidwe. Poyamba mumzinda ntchito yochotsa zigumukazo ankaigwiranso azimayi, poti amuna ambiri anali atafa kapena ali kundende, kupatsirana ndowa pamzere, kugogoda njerwa imodziimodzi ndi hamala kuchotsa matope akale kuti imangirenso. Pokwera ndinapatuka panjira pomwe mvula inakokolola dothi, ndinafukula ndi nsapato, pansi panatuluka chidutswa cha njerwa yofiira, kenako kachidutswa ka tayilosi yoyera yonyezimirabe mbali imodzi, ya kubafa kapena kukhitchini kwa munthu. Paliponse pamene dothi lasenduka ndi zomwezo. Pamwamba pake Amereka anadzamangapo siteshoni yomvetsera zokamba za ku East nthawi ya Cold War, pano ndi bwinja lodzadza zojambula, amalipiritsa polowa.

Ndipo zina zikadali pansi zamoyo. Mu April 2018 omanga anafukula bomba la makilogalamu 500 pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima ya Berlin, anthu pafupifupi 10,000 anasamutsidwa, sitima zinaima. Kum'mwera kwa mzinda ku Halbe, komwe gulu lina la asilikali a Germany linapanikizidwa m'nkhalango kumapeto kwa April, manda ake ali ndi anthu oposa 20,000 ndipo mafupa akapezeka m'tchire amakaikabe komweko. Ndinawafunsa alamu ngati za mabombazi zinawachitikirapo, anayankha akusonkhezera mphika osatembenuka nkomwe, akuti apolisi amagogoda khomo ndi khomo, umatenga foni, chaja ndi mankhwala ngati uli nawo, mumakakhala mu holo ya sukulu, akatswiri akamaliza amalengeza mubwerere. Chomwe chinawapweteka tsiku limenelo nchoti anali atachokera ku naiti ndipo anali asanagone.