Ziwengo zobwera ndi zimene khungu lakhudza

Munthu akatuluka ziwengo kuno kwathu, achibale amayamba amufunsa chimene wadya, ndipo chakudya choti achiloze chala chikasowa, amangogamula kuti magazi ake ndi oipa. Komabe ziwengo zambiri zimene ndimaziona m'manja mwa anthu mu Lilongwe muno zimachokera ku chinthu chimene khungulo limakhudza tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri malo amene zatulukawo ndi amene amaulula gwero lake.

Pali zinthu zimene zimapweteka khungu la munthu aliyense likakhala nazo nthawi yaitali, monga sopo waufa, Jik, parafini, ngakhalenso madzi enieniwa. Zimachotsa mafuta oteteza khungu, n'chifukwa chake mayi wochapa zovala za ganyu amakhala ndi manja otuwa ndi ong'aluka, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Koma palinso zinthu zimene zimawenga anthu ena okha, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwawo chinayamba kudana nazo. Zoterezi zimasokoneza kwambiri, pakuti kuyabwa ndi timatuza zimayamba patapita tsiku limodzi mpaka atatu, munthu ataiwala kale chimene anagwira. Amene amati "ndakhala ndikudzola mafutawa zaka zambiri, sangandiwenge lero" amalakwa pomwepo, popeza thupi limatha kulolera chinthu kwa zaka kenako n'kuchikana, ndipo likachikana nthawi zambiri silibwereranso m'mbuyo.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi amisiri omanga ndi anyamata awo, omwe adzaza ku Area 49, Area 25 ndi madera ena kumene nyumba zikumangidwa chaka chonse. Ndinayang'anitsitsa manja a mmisiri wina akupulasitala khoma: khungu la kuseri kwa zala linali lokhuthala ndi lotuwa, m'mfundo muli ming'alu yotuluka timadzi, ndipo iye ankangomanga kansanza pa chala n'kupitiriza ntchito. Simenti imavulaza pawiri. Ikanyowa imaotcha khungu mwapang'onopang'ono, moti yogwera m'jombo imatha kusiya chilonda munthu asanamve ululu. Ilinso ndi mtundu wa chitsulo wotchedwa chromium, yomwe imawenga ena moti fumbi chabe lochoka m'thumba n'lokwanira kudzutsa nthendayo. Chromium yomweyo imagwiritsidwa ntchito pofufuta zikopa, choncho mmisiri wotere akhoza kuwengedwanso ndi nsapato zachikopa. Dziko la Denmark linayamba kuthira mankhwala otchedwa ferrous sulphate mu simenti mu 1981 kuti chromium ichepe mphamvu, ndipo amisiri odwala anachepa. Maiko a European Union anatsatira mu 2005 poika malire a mamiligalamu 2 a chromium yowengayo pa kilogalamu iliyonse ya simenti. Ine ndimaona kuti mwini nyumba amene angakwanitse kugula matumba a simenti sangalephere kugula magolovesi a omumangira.

Chitsulo cha nickel nacho chimapezeka mu ndolo zotchipa, kuseri kwa wotchi, pa batani la jinzi ndi pa lamba. Chigamba choyabwa chimene chili m'munsi mwa mchombo penipeni, chomwe chimakula kukatentha mu October chifukwa thukuta limasungunula chitsulocho, sichifuna kuganizira kutali. Dayi wakuda wa tsitsi amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene amatupitsa zikope ndi mphumi ndipo amawononga manja a ogwira ntchito mu saluni. Ena amawengedwa kukamwa ndi utomoni wa khoko la mango, ngakhale kuti chipatsocho chikasendedwa ndi munthu wina ambiri a iwo amadya bwinobwino.

Pa khungu lakuda nthendayi siifiira ngati mmene zithunzi za m'mabuku ndi pa intaneti zimaonetsera. Malowo amada kapena kutuwa, ndipo kudako kumatha kukhala miyezi kuyabwa kutatha. N'zosavuta kuisokoneza ndi chipere kapena mphere, ndipo apa m'pamene ambiri amagula timachubu ta pamsika tokhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol. Kuyabwa kumaleka masiku ochepa, kenako kumabwerera chifukwa chowengacho chikadali pathupi, khungu limapyapyala, ndipo ngati chinali chipere chimafalikira.

Popita kuchipatala ndi bwino kutenga sopo, mafuta kapena dayi amene mukumukayikira, ndi kufotokoza ntchito imene mumagwira komanso ngati manja amakhalako bwino mukapuma masiku angapo. Zikakanika kuchipatala chaching'ono amatumiza ku Kamuzu Central. Vaselini wopanda fungo wodzola mukangosamba m'manja amathandiza ming'alu kupola, ndipo ovala magolovesi a mphira aike a nsalu mkati, chifukwa thukuta ndi mphirayo nazonso zimatha kuwenga. Koma nkhope ikatupa, kapena chilonda chikayamba mafinya ndi kutentha thupi, tsiku lomwelo munthu akaonane ndi dokotala.