Thiransifoma ndaitembenuza, njuchi yathawa

Lachiwiri usiku cha m'ma 11, magetsi atangobwera, ndinayatsa ampulifaya yanga yodzipangira ndekha, ya mavalavu (machubu agalasi okweza mawu) a EL84, n'kugunditsa khutu pa sipika. Kuli zii. Ndinakhala pansi pasimenti osakhulupirira. Hum, kung'ung'udza kwa magetsi m'sipika, yandidyera masiku 9, ndipo wolakwa ndine ndemwe ndi maso anga okonda zonyezimira.

Chesisi, chitsulo chimene zipangizo zonse zimakhalapo, ndinakapinditsa kwa amisiri a zitsulo ku Kalingalinga, mu Lusaka. Ndinapita ndi chithunzi cha ampulifaya ya McIntosh MC275, ija inatuluka mu 1961, mavalavu a KT88 anayi kutsogolo, mathiransifoma atatu akuda atandandalika kumbuyo ngati asilikali pa perete. Ndinati ndikufuna chonchi. Mmisiri uja anafunsa, "Bwana, mabowo onsewa ayang'ane kumodzi?" Ine eya, mwamatama. Msampha ndinadzitchera tsiku limenelo.

Nditamaliza kuwotcherera, nyimbo zinkamveka bwino ndithu, koma pansi pake panali kulira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Ma capacitor a filter, osefa magetsi, ndinasintha kawiri, maulendo awiri a ku Kamwala dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinaonjezera choke, koyilo yosefanso magetsi. Mawaya a heater a 6.3V, otenthetsa mavalavu, ndinamasula n'kuwapotanso mothina, ndinasuntha ground, ndinasinthanitsa mavalavu ang'onoang'ono a ECC83. Kenako ndinanamizira inverter, ndikumadikira magetsi enieni mpaka pakati pa usiku kuti ndiyese. Njuchi ili pompo. Chopweteka n'chakuti foni inali itandiuza kale tsiku lachitatu la vutoli kuti phokosolo ndi la 50 Hz. Likanakhala lochokera ku rectifier, yowongola magetsi asanafike ku ma capacitor, likanakhala la 100. Ndinaona nambalayo koma mutu unali utakakamira pa ma capacitor.

Anandipulumutsa ndi amdala ena a ku Matero amene amakulunga mamota ndi mathiransifoma, omwe aja anandikulungira ya wailesi ya malemu bambo chaka chatha. Anabwera Lolemba madzulo, anamvetsera pang'ono, n'kufunsa kuti kodi imayamba kulira nthawi yomweyo ndikayatsa, kapena mavalavu akatentha. Ndinati nthawi yomweyo. Anaseka.

"Mwana wanga, zula mavalavu onse. Onse. Ndiye uyatse."

"Koma atate, popanda mavalavu ilira bwanji?"

Inalira. Soketi zonse zili pululu, sipika ikung'ung'udzabe. Maginito a thiransifoma ya magetsi ankalowa mwachindunji m'chitsulo cha ya output (yopereka mawu ku sipika) yoyandikana nayo, chifukwa ndinaziika mofanana, mbali imodzi, mpata wake wongolowa chala. Amdalawo anandiuza ndizimitse, tinatsitsa moto wa m'ma capacitor (musaiwale zimenezi, B+ yanga, magetsi aakulu opita ku mavalavu, imapitirira 300V), anamasula ya output n'kulumikiza mahedifoni akale ku primary yake, mawaya olowera. Atayatsa ya magetsi yokha, anayamba kuizunguza pang'onopang'ono pamwamba pa chesisi, maso ali tsinzi ngati akusaka siteshoni pa wailesi. Pena phokoso likukwera, pena likutsika, kenako pamalo ena linangoti zii. Anajambula pomwepo ndi pensulo. Mapeto ake ya magetsiyo ndaitembenuza madigiri 90, za output ndazikankhira kutali masentimita 4. Perete uja wasokonekera, ndipo chesisi yanga ya stainless yatsala ndi mabowo opanda ntchito amene ndikawaona mtima umandiwawa.

Chimene ndinakopera kwa McIntosh ndi jekete chabe. Awo mathiransifoma amawakulunga okha ku Binghamton, New York, n'kuwatsekera m'zitini, ndiye angathe kuwandandalika mmene akufunira. Anga ndi apoyera, zitsulo zili pamtunda. Chikomekome cha mkuyu chinali changa, nyerere ndinaikamo ndekha.

Komabe kampaniyi imadziwa kugulitsa nkhope, tisanamizane. Galasi lakuda, zilembo zobiriwira, mamita a buluu: munthu amazindikira ali pakhomo asanamve ngakhale liwu limodzi. Mpaka pa turntable yawo ya MT10, makina oimbira mbale, anaikapo mita ya buluu yosonyeza liwiro la mbale. Kodi ndani amafuna muvi womuuza kuti 33 ikuzungulira pa 33? Koma ukaiona umaifuna. MC275 zatsopanozi anaika timagetsi ta LED pansi pa mavalavu ang'onoang'ono kuti aziwala mobiriwira. Apo ndiye sindigwirizana nazo. Valavu ili ndi kamoto kake kofiirira ngati khala la pa mbaula, n'kokwanira. Ndikunena izi ma LED a buluu amene ndinagula ali m'dirowa, ndipo sindinawataye.

Linn ya ku Glasgow inatenga njira ina. Turntable yawo ya LP12 kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 imangooneka ngati kabokosi ka matabwa, zonse zili mkati, zolenjekeka pa masipuling'i atatu. Amagulitsa kudzichepetsa, pamtengo wosadzichepetsa. Rega amati chikhale chopepuka ndi cholimba, platter (pokhala mbale) yagalasi basi. Clearaudio ku Germany anapanga Statement yolemera makilogalamu pafupifupi 350, matumba 14 a ufa a 25kg. Onsewa mdani wawo ndi mmodzi, kunjenjemera, koma wina akuti chitayeni msanga, wina akuti chikwirireni ndi kulemera, ndipo aliyense ali ndi mpingo wake womuimbira m'manja.

Turntable yanga ndi Technics SL-1200MK2 yotopa, ndinagula kwa mnyamata wina amene ankaimba nayo m'maukwati ndi m'makitchen party. Mnzathu wina wa ku Kabulonga, sindimutchula, ankaitcha chigayo cha ma DJ. Kampani inasiya kuzipanga mu 2010, n'kuzibweretsanso mu 2016 pamtengo wa anthu olemera, maonekedwe ake pafupifupi omwewo. Pano akandichezera amaisisita. Direct drive ija ankainyoza, mota yozunguza mbale popanda lamba, yasanduka nzeru za ku Japan.

Panatsala kanjuchi kena kakang'ono ndikasinthira ku phono, polowera mawu a turntable. Aka sikanandivute. Turntable ndinaiika mogundana ndi ampulifaya kuti zizioneka bwino pachithunzi, mkono wake uli pafupi ndi thiransifoma ya magetsi yomwe ija. Cartridge ya MM, kamutu kokhala ndi singano, imatulutsa mwina 5mV, phono n'kuchulukitsa ka 100, ndipo RIAA, njira yowongolera mawu a pa mbale, imakwezanso mawu apansi, cha pa 50 Hz ndi pafupifupi 17dB. Ndiye kaphokoso kalikonse ka magetsi kamakula ngati katupa. Ndinaisamutsira pa shelefu ina, theka la mita, nkhani yatha. Amayi a kunyumba ataya malo a maluwa awo apulasitiki, mlandu umenewo sunazengedwe.

Mbale yoyamba kuika inali ya kalindula ya bambo, mwa zija zinkadindidwa ku Teal ku Ndola. Ili ndi zokala zake, singano imathetheka apa ndi apo, koma bass inatuluka yoyera koyamba, osati yosakanikirana ndi kung'ung'udza. Mawati 12 okha mbali iliyonse, koma aneba anamva. Vuto latsopano n'lakuti mavalavu ndi kutentha kwa mwezi uno sizimvana, pabalaza pakumakhala ngati uvuni, ndipo batire ya inverter ikumatha msanga.

Mvula isanayambe ndikufuna nditsekere mathiransifoma m'zitini, mwina mabowo aja abisike. Ndili ndi thabwa la mukwa limene ndikuganiza zopangira plinth (bokosi lokhazikapo turntable) ya idler, mtundu wozunguzidwa ndi kagudumu, ngati ndingapeze Garrard 301 yogona m'galaja ya munthu penapake ku Kabwe kapena ku Copperbelt. Za ampulifaya ya 300B single-ended, ya valavu imodzi yaikulu mbali iliyonse, nazonso sizinandichoke m'mutu, ngakhale masipika ake ndilibe. Amdala aja akuti output zake angakulunge, bola ndipeze ndekha chitsulo chabwino.