Khola la nkhunda liyenera kupuma: ntchito yathu kuno ku Joni

Ntchito yathu ndi yomanga ndi kukonza makola a nkhunda muno mu Johannesburg. Ndife akalipentala ochokera ku Malawi, ndipo makasitomala athu ambiri ndi oweta nkhunda zampikisano, zija amakazitulutsa kutali kuti zipikisane kubwerera kukhola, m'madera a Turffontein, Roodepoort ndi Lenasia, kuphatikizapo abale athu amene amaweta zandiwo kuseri kwa nyumba. Tinayamba ndi kukhoma matabwa ndi malata basi. Lero mbali yaikulu ya ntchito yathu ndi kukonza makola omangidwa kale amene mpweya suyendamo bwino, chifukwa tinaona kuti madandaulo ambiri a oweta amachokera pamenepo.

Khola la kumudzi limakhala m'mwamba pa mitengo, denga lake ndi la udzu, mphepo imadutsa ponseponse, ndipo mwini wake salowamo, amangopisa dzanja kutenga chiunda. La kuno ndi chipinda chenicheni cha matabwa ndi malata, chomwe munthu amalowamo m'mawa ndi madzulo n'kupuma mpweya womwewo umene nkhunda zikupuma. Nkhunda ili ndi nthenga zina zimene zimanyenyeka kukhala ufa woyera, uja umatsala pa malaya mukaigwira. Ufawo ukasakanikirana ndi zitosi zouma umapanga fumbi losalala kwambiri moti limafika mkati mwenimweni mwa mapapo.

Nyengo ya kuno imawonjezera vutoli. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kunja kumauma gwaa, usiku kumagwa chisanu. Mwini khola, pomvera chisoni mbalame zake, amatseka mipata yonse ndi makatoni kapena pulasitiki. Uku ndiye kulakwitsa kumene timakumana nako kwambiri. Nkhunda imapirira kuzizira bwino lomwe. Chimene sipirira ndi mpweya wokhalitsa, chinyezi, ndi mphepo yoiwomba pamalo pamene yagona. Khola likatsekedwa, nthunzi ya m'kamwa mwa mbalame imasanduka mame kunsi kwa malata ozizira, m'mawa n'kumadonthera pansi. Zitosi zikanyowa zimatulutsa mpweya wa amoniya woyabwa m'maso, ndipo tizilombo totsegula m'mimba timaswana pansi ponyowapo.

Mamangidwe athu ndi awa. Khola timalikweza masentimita 40 kuchoka pansi, pa njerwa kapena zitsulo, kuti madzi a mvula yamkuntho ya Okutobala mpaka Malichi asafike pa thabwa lapansi, komanso makoswe asapeze pobisala. Kutsogolo kwake timakuyang'anitsa kumpoto kapena kumpoto chakum'mawa, poti kuno dzuwa la m'nyengo yozizira limadzera kumpoto, ndipo ndilo limaumitsa pansi. Khoma lakumwera timalitseka lonse popanda kampata ndi kamodzi komwe, ndipo timatabwa togonapo nkhunda timatikhoma pa khoma limenelo.

Mpweya umalowera pansi n'kutulukira pamwamba. Kutsogolo, masentimita 10 kuchoka pa thabwa lapansi, timasiya mpata wa masentimita 15 m'litali monse mwa khola, n'kuikapo waya wa sefa wa mabowo a mamilimita 13 kuti mpheta ndi makoswe zisalowe. Pa waya timakhomapo timatabwa topendekera pansi toletsa mvula. Pa msonga ya denga timasiya mpata wa masentimita 10 ndi kuufunditsa lata lina lokwezeka masentimita 5. Mpweya wotenthedwa ndi matupi a mbalame umakwera wokha n'kutuluka, ndipo potuluka umakoka watsopano kudzera pansi paja. Palibe magetsi ofunika, n'chifukwa chake fani sitiikonda kwenikweni: magetsi akazima, khola lodalira fani limasanduka bokosi. Pamene denga ndi la mbali imodzi ndipo mwini sakufuna kuligwetsa, timaikapo chozungulira ndi mphepo chija amati whirlybird, chimodzi pa chipinda chilichonse.

Siling'i ndi pamene pagona luso. Magawo awiri mwa atatu, mbali imene nkhunda zimagona, timatseka ndi thabwa. Gawo lotsala kutsogolo timaika sefa. Motero mpweya umadutsa kutsogolo kwa mbalame osati pamsana pake, ndipo mame a malata sazidonthera. Ena amaboola mawindo awiri oyang'anizana pa msinkhu wa timatabwa togonapo, akuti kuti mpweya uchuluke. Pakangotha masabata ochepa nkhunda zimayamba kuyetsemula, maso kulengeza misozi, ndipo kaphuphu koyera ka pamwamba pa mlomo kamada. Nkhunda yotero siingabwere msanga pa mpikisano, ngakhale muimwetse mankhwala amtundu wanji.

Tisanagwire hamala timayeza kaye. Timayatsa koyilo wa udzudzu, kumuika pansi pakati pa khola, kutseka chitseko ndi kuonerera utsi. Ukakwera pang'onopang'ono n'kutulukira kudenga, zili bwino. Ukathamangira cham'mbali kulunjika pogona mbalame, pali mphepo yolowera polakwika. Ukangoti ndenge mkatimo, potulukira pachepa. Ulusi wa akangaude wodzaza fumbi m'makona umanenanso zomwezo.

Kuchuluka kwa mbalame nakonso timakuwerengera. Khola la mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi 2 msinkhu ife timalipatsa nkhunda 24, zikachulukitsa 30. Munthu akaikamo 50, palibe mpata umene tingaboole woti n'kuthandiza, ndipo timamuuza zimenezi mosabisa ngakhale ntchito itiphonye.

Mu Ogasiti mphepo imanyamula fumbi la kunja, makamaka kwa amene ali pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi monga ku Riverlea. Pamenepo timapachika neti yotchinga dzuwa kunja kwa mpata wapansi. Imafooketsa mphepo koma mpweya umadutsabe. Izikutumulidwa sabata iliyonse, apo ayi imatsekeka ndi fumbi.

Tsache louma lisalowe m'khola. Limangoulutsa fumbi lomwe linakhazikika kale, n'kulibweretsa pa mphuno panu. Palani zitosi ndi chitsulo chopalira tsiku lililonse, mbalame zili kunja, chitseko chili chotsegula. Otha kugula makina oyamwa fumbi asankhe okhala ndi sefa ya HEPA, yogwira ngakhale fumbi losalala kwambiri, chifukwa wamba amatulutsira fumbi losalala lija kumbuyo. Ikani beseni la madzi panja kamodzi kapena kawiri pa sabata kuti nkhunda zisambe: muona ufa woyera utayandama pamwamba pa madzi, umenewo ndi umene ukadakhala m'khola. M'nyengo yosintha nthenga, chakumapeto kwa dzinja, tolani nthenga tsiku ndi tsiku. Chimanga ndi nandolo zipetedwe musanazipatse, ndipo chakudya chochita chuku chitayidwe.

Khola lililonse limene tamanga timalipereka pamodzi ndi msomali wa kunja kwa chitseko, wopachikapo ovolosi, chipewa ndi masiki osefa fumbi losalala, a mtundu wa FFP2 kapena FFP3. Masiki ansalu saletsa fumbi ili. Zovalazo zisalowe m'nyumba mogona ana.

Timalimbikira chonchi chifukwa pali nthenda ya mapapo imene imagwira oweta nkhunda, yobwera thupi likayamba kulimbana ndi fumbi la nthenga ndi zitosi. Zizindikiro zimadza pakapita maola 4 mpaka 8 mutatuluka m'khola: kutentha thupi, kunjenjemera, chifuwa chouma, kuphwanya m'thupi ndi kubanika. Kwa ife a ku Malawi zimafanana ndi malungo, ndipo zikakhalitsa, munthu n'kuyamba kuwonda, zimafanana ndi TB. Ikalekereredwa imasiya zipsera m'mapapo zosachira. Mukaona kuti mumadwala usiku wa tsiku limene mwapala khola, n'kupeza bwino mukatalikira nkhunda masiku angapo, pitani kuchipatala, ndipo musadikire kuti adokotala akufunseni: auzeni nokha kuti mumaweta nkhunda, ndi kuti mwaweta zaka zingati.