Loweruka la ku Sandton: wotchi ya golide ndi chitsulo

Lero ndinadzuka kusanache ngakhale kunalibe ntchito. Patha zaka zisanu ndikuika kangachepe pambali mwezi ndi mwezi, ndipo lero ndi tsiku lomwe tinapangana ndi mayi akunyumba kuti tikaione ndi maso wotchi ya Rolex imene ndakhala ndikungoisirira pa foni. Tinakwera sitima ya Gautrain pa Park Station cha m'ma 10 koloko, posakhalitsa tinali ku Sandton.

M'thumba ndinatengamo wotchi yanga yakale, yomwe ndinagula nditangofika kuno ku Johannesburg. Ili yatsopano inkawala bwino, pakati pa lamba pali mzere wofiirira ngati golide. Zisanathe zaka ziwiri mtundu uja unayamba kusuluka, choyamba pa kotsekera pomwe pamakhuza tebulo, kenako m'mbali momwe mumadutsa thukuta, mpaka chitsulo chotuwa chinaonekera. Golide wake anali wongopaka pamwamba. Zinandiwawa, chifukwa ndinkaikonda. Choncho funso langa loyamba lero silinali la mtengo ayi. Ndinafunsa kuti, golideyu ndi wa mkati monse kapena ndi chikopa chabe?

Amene anatilandira m'sitolomo ndi mayi wina wachikulire, wodekha. Anayala kansalu kofewa, n'kuikapo mawotchi awiri a Rolex Datejust, ina yotambalala mamilimita 41, ina 36. Anafotokoza kuti paliponse pofiira ndi golide weniweni wa makarati 18, kutanthauza kuti pa magawo 1,000, magawo 750 ndi golide. Kufiirako kumachokera ku mkuwa umene amasakanizamo. Golide wa mtunduwu a Rolex amamutcha Everose, anamutulutsa mu 2005, ndipo amathiramo pang'ono chitsulo chamtengo wapatali chotchedwa platinum kuti mtundu usasinthe ndi thukuta kapena madzi a m'nyanja yamchere. Kuphatikiza golide ndi chitsulo pa wotchi imodzi amakutcha Rolesor, dzina lomwe analembetsa kale mu 1933. Ndinali nditaonakonso mawotchi a kampani ina ya Omega, omwe golide wawo wofiira, Sedna, amasakaniza ndi chitsulo china chotchedwa palladium, koma mtima unali utakhazikika pa Datejust. Wotchi imeneyi inayamba kupangidwa mu 1945, ndipo ukaiona ya lero sukayika kuti ndi mdzukulu wa yoyamba ija.

Ndinabwera ndili ndi maganizo a yaikulu. Mayiwo anandiyeza mkono, masentimita 17, osanena kanthu, n'kundiveka ya 41. Timiyendo take togwira lamba tinafika m'mphepete mwenimweni mwa mkono, ndipo nditapinda dzanja kopukusira kanandigunda. Atandiveka ya 36, inangokhala phee, ngati inabadwira pomwepo. Mayi akunyumba anandigwira chala n'kunena chapansipansi, "Bambo, iyi ndiye yanu. Inayo mukuinyamula, iyi mwaivala."

Pomwe tinachedwa ndi pa lamba. Pali wa Oyster, wa mizere itatu, pakati pali golide wotambalala wosalala ngati galasi. Pali wa Jubilee, wa mizere isanu, iwiri ya m'mbali yachitsulo, itatu ing'onoing'ono yapakati yagolide. Wa Oyster ndi wokongola, sindikana. Koma golide ndi wofewa kuposa chitsulo, ndipo ine tsiku lonse mkono umakhala pa tebulo la kompyuta. Mayiwo anatulutsa wotchi yawo yomwe akhala akuvala kwa zaka, natipatsa kagalasi kokulitsira zinthu. Timikwingwirima tinalipo tambirimbiri, koma pansi pa kalikonse panali golide yemweyo, mtundu womwewo. Ndinaika yanga yakale pambali pake. Apo nkhani inatha. Ndinasankha Jubilee, chifukwa tizidutswa take tating'ono timamwaza kuwala, kukalika sikuonekera msanga.

Chinanso chomwe sindinayembekezere ndi momwe golide wofiira amakhalira pa khungu lathu lakudali. Wachikasu amaitana maso kuchokera kutali. Wofiirayu amangofunda, ngati dothi lakatondo dzuwa likamalowa, ndipo chitsulo cha m'mbali chimamuziziritsa. Ndinapita nayo pafupi ndi khomo kuti ndiione kunja kwa magetsi a m'sitolo, omwe amakometsa chilichonse, ndipo inandikomerabe.

Ilibe batire. Mkati muli kachitsulo kozungulira komwe kamapukusa wotchi mkono ukamayenda, ndipo ukaivula ili yodzaza imayenda maola pafupifupi 70. Kuivula Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa ukaipeza ikugundabe. Pamwamba pa deti pali kagalasi kotukuka komwe kamakulitsa manambala, ndipo maso angawa, omwe ayamba kufuna magalasi, anayamikira.

Tikudya nkhomaliro, mayi akunyumba anafunsa funso lomwe linali mumtima mwangamo. "Nanga mudzaivala kuti, bambo? Mukudziwa mmene mzinda uno ulili." Akunena zoona. Anthu amalandidwa mawotchi otere pa maloboti ngakhale pa geti la nyumba yawo. Ndinawauza kuti sindikufuna wotchi yokhala m'bokosi, koma sindidzapita nayo paliponse, ndipo pa msewu idzakhala pansi pa mkono wa malaya. Ya 36 imalowamo bwinobwino. Iwo anaika lamulo limodzi: isabwere pakhomo pano isanakhale pa inshuwalansi. Ndinavomera.

Tinabwerera m'sitolo muja ndipo ndinalembetsa dzina: Datejust 36, nkhope yoyera, mkombero wagolide wa mizeremizere, lamba wa Jubilee. Zomwe anationetsa zinali zongoyesera, choncho adzandiimbira ikafika. Pakapepala anandilembera nambala ya mtundu wa wotchiyo, 126231. Kali pa firiji tsopano, ndipo Lolemba m'mawa ndiimbira a inshuwalansi ndi nambala imeneyo.