Lilime lathu la Chichewa ndi nyimbo za Chihebri

Mukamayambitsa nyimbo yachiyuda m'Chihebri ku kwaya kuno ku Nkhotakota, dziwani kuti chimene chatuluka m'kamwa mwanu ndicho mpingo wonse ubwereze. Mukapotoza liwu limodzi, anthu onse apotoza nanu, ndipo pakatha mwezi palibenso amene angawawongole. Chihebri sichovuta kwenikweni. Chimene chimatipunthwitsa ndi zizolowezi za lilime lathu.

Chachikulu ndi phokoso la kukhosi limene m'zilembo zathu amalilemba ch kapena kh, monga mu baruch ndi echad. Ife tikaona ch timatchula monga mu "chala", tikaona kh timatchula monga mu "khasu". Zonse ziwiri n'zolakwa. Kwezani kumbuyo kwa lilime kufupi ndi kumwamba kwa m'kamwa, osatseka, mpweya uzidutsa mokhulana ngati mukuchotsa kamunga ka usipa pakhosi pang'onopang'ono. Mwayi wathu kuno ndi wakuti anansi athu amene anaphunzira ku madrasa amalidziwa phokosoli, pakuti m'Chiarabu lilimo. Pemphani mmodzi akutchulireni.

Musalisokoneze ndi h wamba. Salimo 150:6 limati tehalel, kutanthauza kuti zonse zopuma zitamande Mulungu. Mukalowetsapo phokoso la kukhosi lija n'kuti techalel, mwanena kuti zimudetse. Ndi chilembo chimodzi chokha, koma mwasandutsa chitamando kukhala mwano, pamaso pa anthu opemphera.

Kenaka l ndi r. Kwa ife "Maliya" ndi "Mariya" ndi munthu mmodzi. Kwa Mhebri or ndi kuwala, ol ndi goli. Komanso d wakumapeto amveke bwino. Pa Deuteronomo 6:4, echad ndi "mmodzi", pomwe acher ndi "wina", ndipo mu mpukutu wa Tora (mabuku asanu a Mose) chilembo chomaliza cha echad amachilemba chachikulu kuposa zinzake. Sh nayenso asasanduke s: Shema ali ndi sh, Yisrael ali ndi s. Owerenga Oweruza 12:6 akudziwa kuti kusiyana kumeneku kunaphetsa Aefraimu pa madooko a Yordano.

Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndiye shalom amakhala "shalomu". Tsekani milomo pa m, muthere pomwepo.

Chimene ambiri sachizindikira ndi potsindika. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati "nyimbo" motsindika nyi. Chihebri kawirikawiri chimatsindika phatikizo lomaliza: sha-LOM, a-do-NAI, ba-RUCH. Alipo ena otsindika kutsogolo, monga ME-lech, mfumu. Tanthauzo limatha kusintha: BA-nu ndi "mwa ife", ba-NU ndi "anamanga". Pa Deuteronomo 6:5, ve-a-hav-TA ndi lamulo lakuti "uzikonda", koma ve-a-HAV-ta ndi "unakonda". Apa ng'oma ndi kiyibodi zimavulaza kwambiri, chifukwa kugunda kwake kumakokera mawu kumene kukufuna.

Pophunzitsa, yambani opanda zoimbira. Lembani mawu pa bolodi mowadula m'maphatikizo, lotsindikalo mulilembe ndi zilembo zazikulu, pansi pake tanthauzo m'Chichewa. Kwaya iwerenge mzere uliwonse katatu molankhula, kenaka pamalo amodzi a liwu, pambuyo pake ndiye maimbidwe alowe. Jambulani pa foni, mufananize ndi woimba amene Chihebri ndi chake. Sankhani katchulidwe kamodzi: potchula Sabata, Ayuda a Chiashikenazi (ochokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya) amati Shabbos, a Chisefaradi (amene makolo awo anachokera ku Spain ndi Portugal) ndi a ku Israel lero amati Shabbat. Zonse n'zovomerezeka, koma musazisakanize m'nyimbo imodzi.

Dzina la Mulungu la zilembo zinayi Ayuda salitchula. Popemphera amati Adonai, ndipo poyeserera nyimbo ambiri amati HaShem, kutanthauza "Dzinalo". Ngati nyimbo ndi yawo, ulemu wawowo tiusunge.