Masekondi 12 woimba asanatsegule pakamwa

Sabata yachitatu ya maphunziro athu a zoulutsa mawu, aphunzitsi anatipatsa ntchito yomwe ndinaiderera. Aliyense asankhe nyimbo, awerenge masekondi kuyambira pomwe zida zayamba kulira mpaka pomwe woimba watsegula pakamwa, ndipo zonse zomwe akufuna kunena zikwane m'kampata kameneko. Yanga inali ndi masekondi 12. Ndinavala mahedifoni, kukweza fader (kachipangizo kokwezera ndi kutsitsira mawu), n'kuyamba kulongolola mbiri ya woimbayo kuyambira kubadwa kwake. Iye poyamba kuimba, ine n'kuti ndisanafike n'komwe pa chimbale chake choyamba, moti tinangolimbirana maikolofoni. Anzanga anaseka mpaka misozi.

Aphunzitsi sanakalipe. Anangotiuza kuti tikafufuze za John Peel, yemwe anaulutsa mawu pa BBC Radio 1 kuyambira 1967 mpaka pomwe anamwalira ku Peru mu 2004. Bamboyu ankaisiya nyimbo ithe yokha, osaidula ndi mawu ake. Nthawi zina ankalakwitsa liwiro lozungulira chimbale chili pa mphepo, koma omvera sankamuthawa, chifukwa ankadziwa kuti wakhala pansi n'kumvetsera yekha matepi omwe magulu osadziwika ankamutumizira. Ena ankawaitanira ku situdiyo za Maida Vale ku London kukajambula nyimbo, kawirikawiri zinayi, tsiku limodzi lokha. Ambiri anatchukira pomwepo.

Apa m'pomwe ndinachita manyazi. Ine ndinabwera kudzaphunzira kulankhula bwino kuti anthu azindidziwa mawu, koma ntchito yeniyeni ili m'makutu. Ngakhale polemba ndemanga ya chimbale, kunena kuti "ndi chokoma" si utolankhani. Uyenera kutchula chomwe wamva: besi yalowa pati, ng'oma zasintha liti, woimba wapumira pati.

Tinakambiranako za ziphuphu, zomwe ku America amati payola. Alan Freed, yemwe anatchukitsa rock and roll pa wailesi, anachotsedwa ntchito mu 1959 pa nkhani yolandira ndalama kuti aziika nyimbo zina, ndipo mu 1960 lamulo linakhwimitsidwa kuti wolandira malipiro otere aziulula. Kunena zoona, sindikudziwa ngati dzanja langa silinganjenjemere tsiku lomwe envelopu idzandipeze.

Lachinayi ndili ndi mayeso ocheza ndi woimba. Ndinalemba mafunso 20, koma 14 ndawafufuta nditaona kuti mayankho ake ali kale pa intaneti. Nyimbo ija ndaibwerezanso usiku uno, ndipo ndamaliza kulankhula kutatsala masekondi awiri.